Carolan wa ku Ireland: katswiri wa zeze kapena mmodzi wa atidyenawo?

Kalata ya ulendo uno yachokera kwa m'bale wathu wina amene akugwira ntchito yosamalira okalamba ku Ireland. Akuti ali m'tauni ya Mohill, m'boma la Leitrim, anaona chiboliboli cha bambo atakhala pansi akuimba zeze. Atafunsa anamuuza kuti ameneyo ndi Turlough O'Carolan, woimba wosaona wa makedzana amene anthu a kumeneko amamunyadira kwambiri. Anakafufuza nyimbo zake pa intaneti, anazikonda, koma china chake chinamuwawa. Walemba kuti: "Mitu ya nyimbozi pafupifupi yonse ndi mayina a anthu olemera, ena a mbali ya atsamunda amene ankapondereza anthu akwawo. Kodi munthuyu sanali m'gulu la atidyenawo basi? Nanga ndikamufanizira ndi Allan Namoko wathu ndalakwitsa?"

Achimwene, zikomo polemba. Zimene mwaonazo n'zoona. Carolan ankaimbira olemera, ankadya kwawo, kumwa kwawo ndi kugona kwawo, ndipo sankasankha kuti uyu ndi Mkatolika, monga eni dziko ambiri, uyu ndi Mpulotesitanti, wa mbali ya atsamunda. Wina akakuuzani kuti anali womenyera ufulu, ameneyo akukunamizani. Komabe ine dzina la atidyenawo ndikulikana. Kuti muone chifukwa chake, muyenera kudziwa ntchito ya woimba zeze momwe inalili nthawi imeneyo, komanso chaka chimene iyeyu anayamba kuyenda.

Anabadwa mu 1670 pafupi ndi mudzi wa Nobber m'boma la Meath. Ali ndi zaka za m'ma 14 banja lawo linasamukira kumadzulo, ku Roscommon, kumene bambo ake anapeza ntchito kwa a MacDermott Roe, eni nyumba ya Alderford pafupi ndi Ballyfarnon. Mayi wa pakhomopo anaona kuti mnyamatayo ndi wochangamuka, ndiye anamuthandiza kuti aphunzire. Ali ndi zaka 18 anadwala nthomba. Anachira, koma maso anapita. Masiku amenewo nthomba inkapha ndi kuchititsa khungu anthu ochuluka zedi, poti katemera wa Edward Jenner anadzabwera mu 1796, Carolan atamwalira kalekale. Mwana akachita khungu ku Ireland, imodzi mwa ntchito zochepa zimene akanadyera inali kuimba zeze. Mayi MacDermott Roe anamupereka kwa woimba wina kuti amuphunzitse kwa zaka 3. Atakwanitsa zaka 21 anamupatsa hatchi, munthu womutsogolera ndi ndalama zoyambira, n'kumuuza kuti aziona msewu.

Tawerengani: 1670 kuphatikiza 21 ndi 1691. Chaka cha 1690 asilikali a mfumu William wa ku England, Mpulotesitanti, anagonjetsa a mfumu James, Mkatolika, pa mtsinje wa Boyne. Mu July 1691 kunachitika nkhondo ya ku Aughrim, yoopsa kuposa ya ku Boyne, ndipo chaka chomwecho mzinda wa Limerick unagonja. Kuyambira 1695 anayamba kukhazikitsa malamulo okhaulitsa Akatolika: osasunga zida, osatumiza ana kukaphunzira kunja, kenako osagula malo. Pofika 1703 malo amene anatsala m'manja mwa Akatolika anali ngati 14 peresenti yokha, chonsecho iwo ndiwo anali ochuluka m'dzikomo. Ndiye kuti mnyamata wosaonayu anakwera hatchi yake nthawi yomwe mabanja akale a Chiairishi, amene kwa zaka mazanamazana ankasunga alakatuli ndi oimba zeze pakhomo, anali atagwa kapena akugwa.

Kale woimba zeze anali munthu wa mfumu imodzi. Ankakhala pa bwalo la mfumuyo, ali ndi malo ake, ndipo mlakatuli akalemba ndakatulo yotamanda mfumu, iye ndiye ankaiperekeza ndi nsambo. Dongosolo limenelo linayamba kutha mafumu a kumpoto atathawa m'dzikomo mu 1607, ndipo pofika nthawi ya Carolan kunalibenso nyumba imene ikanasunga woimba chaka chathunthu. Chimene chinatsala ndi kuyenda: sabata ziwiri kuno, mwezi uko, kwina ukwati, kwina maliro. Koma musaganize za munthu wokhala m'mbali mwa msewu ndi mbale. Carolan ankafika pa hatchi, wantchito wake atanyamula zeze, n'kulandiridwa ngati mlendo wolemekezeka, kudya patebulo limodzi ndi eni nyumba. Zimanenedwa kuti ena ankachedwetsa ukwati kapena maliro kudikira kuti iye afike. Nyimbo yotchula dzina la mwini nyumba, kapena la mkazi wake, kapena la mwana wake wamkazi, inali mphatso ya mlendo, ndiponso inali katundu amene banjalo linkamufuna. Iwo ankamupatsa chakudya, pogona ndi ulemu, iye ankawapatsa dzina loti lizimveka m'maboma ena. Mbali zonse ziwiri zinkadziwa chimene zikugulana.

Pali chinthu china chimene anthu okonda kutamanda Carolan amachilumpha: pa kaimbidwe ka zeze penipenipo, anzake sankamuyesa katswiri. Anayamba mochedwa. Zala za munthu wa zaka 18 sizingafanane ndi za amene anayamba ali ndi zaka 7 kapena 10, makamaka pa chida chovuta ngati chimenechi.

Ndikufotokozereni pang'ono za chidacho, chifukwa chimene mumachiona masiku ano pa maukwati a ku Ireland si chomwecho. Zeze wakale wa ku Ireland anali ndi nsambo za mkuwa, osati za nayiloni. Bokosi lake lotulutsa mawu ankalisema kuchokera ku chipika chimodzi cha mtengo. Woimba ankamutsamiritsa pa phewa lamanzere, dzanja lamanzere likuimba mawu ang'onoang'ono, lamanja likuimba mabesi. Oimba achikale ankasunga zikhadabo zazitali n'kumakodola nazo nsambo. Vuto la mkuwa ndi lakuti ukaukhudza umalira nthawi yaitali ngati belu. Ukaimba manotsi asanu motsatizana osawaletsa, onse amalira pamodzi n'kusanduka phokoso. Choncho chala china chikamakodola nsambo, china chimayenera kubwerera kukagwira imene yangolira kumene kuti ikhale chete. Luso lalikulu linali pa kuletsako, ndipo limenelo ndi lija limafuna kuyamba uli mwana. Komanso zezeyo analibe zosinthira kiyi, ndiye nyimbo yonse inkayenera kukwana m'manotsi amene wachuna usanayambe.

Nkhani imene imakambidwa ndi yakuti pa ulendo wake woyamba Carolan anafika kwa George Reynolds, pafupi ndi nyanja ya Lough Scur ku Leitrim komweko. Reynolds atamumvetsera sanagome ndi zala zake, ndipo anamulangiza kuti ayese kupeka nyimbo, mwina lilime lingamuthandize kuposa manja. Anamupatsanso mutu: nthano ya nkhondo ya mizimu ya pa timapiri tiwiri ta m'deralo. Mwini nyumba atachokapo n'kubwerera, anapeza nyimbo yapekedwa, ija imatchedwa Sí Bheag, Sí Mhór, imene mpaka lero aliyense wophunzira nyimbo za ku Ireland amaidziwa. Nkhani zambiri za Carolan zinalembedwa iye atamwalira, kuchokera pakamwa pa anthu omukonda, ndiye muzizimva ngati nkhani za pamaliro a munthu wotchuka, zothira mchere. Koma mfundo yake ikugwirizana ndi zimene anasiya. Chimene chinamukweza ndi kupeka.

Kapekedwe kake kanali kosiyana ndi mwambo wakale. Kale ndakatulo ndiyo inkayamba, chuni n'kutsatira. Carolan ankayamba ndi chuni, nthawi zambiri ali pa hatchi kulowera kunyumba imene akukacheza, mawu n'kudzawaika pambuyo. Zimenezi zimaoneka. Mawu a nyimbo zake, amene ankawapeka m'Chiairishi, ambiri ndi wamba: mtsikana ndi wokongola ngati duwa, bambo ndi wopatsa, tiyeni timwe pomufunira moyo wautali. Mukawerenga atatu mwawerenga makumi awiri. Koma machuni aja ndi ena. Imvani imene anapekera Eleanor Plunkett wa ku Meath, kenako imene anapekera Fanny Power wa ku Galway. Yoyambayo ndi yodekha, yachisoni, yachiwiriyo ndi yopepuka, yoti munthu n'kuvina. Munthu wongofuna mbale ya chakudya akanatenga chuni chimodzi n'kumangosintha dzina nyumba iliyonse, eni ake osadziwa n'komwe. Iyeyu anasiya nyimbo zoposa 200, zochuluka zili ndi nkhope yakeyake. Apa ndi pamene ine ndimasiyanirana ndi mawu anu aja. Watidyenawo amapereka chinthu chotchipa posinthana ndi chakudya. Carolan ankapereka choposa chimene walipidwa.

Ndiponso sanali munthu wogwada. Woimba wa nthawi imeneyo ankaopedwa chifukwa pakamwa pomwe potamandapo pankathanso kunyoza, ndipo ndakatulo yonyoza inkayenda mofulumira kuposa yotamanda. Pali nkhani ya wantchito wina wosunga makiyi a chipinda cha mowa, dzina lake O'Flinn, amene anamukaniza Carolan kulowamo. Carolan anamupekera mizere iwiri yodandaula kuti n'zachisoni kuti munthu ameneyu sanamuike kukhala mlonda wa pachipata cha gehena, chifukwa ndi nkhanza zakezo palibe amene akanalowa. Patha zaka pafupifupi 300, koma bambo uja akukumbukiridwabe ndi mizere imeneyo basi.

Tsopano za Apulotesitanti, poti ndi pamene pakukuwawani. N'zoona kuti pa mndandanda wa amene anawapekera pali mabanja akale Achikatolika monga a O'Conor a ku Belanagare, a MacDermott Roe ndi a O'Rourke, komanso pali a Crofton, a Coote ndi Colonel John Irwin wa ku Sligo, anthu a mbali imene inapambana nkhondo n'kutenga malo. Iye mwini anakhala Mkatolika moyo wake wonse. Inu mukuona ngati kugulitsa mtundu. Ine ndikuona mbali inanso: eni malo atsopanowa, olankhula Chingerezi, ankakhala pansi m'nyumba zawo kumvetsera akutamandidwa m'Chiairishi, pa chida cha anthu amene anawagonjetsa, ndipo ankanyadira. Mpaka Jonathan Swift, mkulu wa tchalitchi cha St Patrick ku Dublin, anamasulira m'Chingerezi ndakatulo ya phwando la O'Rourke, imene mawu ake analemba ndi Hugh MacGauran ndipo chuni chake chinali cha Carolan. Sindikunena kuti Carolan ankachita izi ngati ndale. Ankagwira ntchito yake. Koma pa nthawi imene zinthu zambiri za Chiairishi zinkathamangitsidwa m'nyumba zikuluzikulu, zeze anakhalabe m'chipinda chochezera kwa zaka zina makumi angapo, ndipo mbali ina chinali chifukwa cha iyeyu.

Ngati mukufuna mawu a mkwiyo ndi kulira a nthawi imeneyo, alipo, koma musawafune kwa Carolan. Funani alakatuli a kumwera monga Dáibhí Ó Bruadair, amene anamwalira mu 1698, ndi Aogán Ó Rathaille wa ku Kerry, amene anabadwa zaka zofanana ndi Carolan. Amenewo analira poyera kugwa kwa mafumu awo n'kunyoza obwera kumene, ndipo onse awiri anafa ali osauka. Ndimawalemekeza. Koma sindingaweruze munthu wosaona, wa ana 7, chifukwa chakuti sanasankhe njira imeneyo.

Chinanso chimene chimadabwitsa anthu ndi chakuti nyimbo zina za Carolan sizimveka ngati za kumudzi konse. M'nyumba za olemera nthawi imeneyo munali mutalowa nyimbo za ku Italy, za anthu ngati Corelli ndi Vivaldi, ndipo katswiri wa vayolini Francesco Geminiani anakhalako ku Dublin m'zaka za m'ma 1730. Carolan sankawerenga manotsi, koma khutu linali lakuthwa. Ankamva ana a eni nyumba kapena alendo akuimba za ku Italy, n'kutengako kayendedwe kake, kuthamanga kwa manotsi kokwera ndi kutsika, kukasakaniza ndi zakwawo. Imene imatchedwa Carolan's Concerto ndiyo chitsanzo chodziwika. Pali nkhani zoti anapikisana ndi woimba wa ku Italy, ena amati Geminiani yemweyo, n'kubwereza nyimbo yonse atangoimva kamodzi. Zimenezo ndi zija ndanena kuti zili ndi mchere wambiri. Chenicheni ndi chakuti ankatsata zimene makasitomala ake ankakonda, ndipo m'malo mongokopera anatulutsa chinthu chimene si cha ku Italy, si chachikale cha ku Ireland, koma chake.

Za pabanja ndidutsa mwachangu. Anakwatira Mary Maguire wa ku Fermanagh, n'kukhazikika pa kamunda pafupi ndi Mohill, n'chifukwa chake chiboliboli mwachionacho chili kumeneko. Anabereka ana aakazi 6 ndi wamwamuna mmodzi. Mkazi wake anamwalira mu 1733, ndipo ndakatulo imene anamulira nayo ndi imodzi mwa zochepa zimene mawu ake amakhudza mtima. Mowa ankaukonda, wisiki makamaka, ndipo nyimbo zake zingapo ndi zotamanda botolo. Atayamba kudwala anabwerera ku Alderford, kwa mayi yemwe uja anamupatsa hatchi zaka zoposa 40 m'mbuyomo, amene anali akadali moyo. Anamwalira komweko pa 25 March 1738. Maliro ake anatenga masiku 4, kunabwera anthu a mbali zonse, ndipo anamuika m'manda a banja la MacDermott Roe ku Kilronan. Wantchito wamba sankaikidwa m'manda a abwana ake.

Mungafunse kuti munthu wosaona, wosalemba manotsi, nyimbo zake zinatipeza bwanji. Zina zinasindikizidwa iye ali moyo: mu 1724 John ndi William Neal a ku Dublin anatulutsa buku la nyimbo za ku Ireland mmene munali zake zingapo. Zambiri zinasungidwa m'mitu ndi m'zala za oimba anzake. Mu July 1792 ku Belfast anaitanitsa oimba zeze amene anatsala, ndipo anabwera 10 a ku Ireland ndi mmodzi wa ku Wales. Oposa theka anali osaona, ambiri okalamba. Mnyamata wa zaka 19 woimba limba m'tchalitchi, Edward Bunting, anapatsidwa ntchito yolemba zimene ankaimba, ndipo anapitiriza ntchitoyo moyo wake wonse, n'kutulutsa mabuku mu 1796, 1809 ndi 1840. Pamsonkhano umenewo panali gogo wina, Denis Hempson, wa zaka zoposa 90, amenenso nthomba inamuchititsa khungu ali mwana. Ndi yekhayo amene ankaimbabe ndi zikhadabo zazitali mwachikale. Ameneyu nyimbo za Carolan sankazikonda, ankaziona ngati zamakono, zopepuka. Zimandiseketsa ndikaganiza kuti munthu amene lero akumuika ngati chizindikiro cha chikhalidwe chakale, akale enieniwo ankamuona ngati wosokoneza mwambo.

Dziwaninso kuti zambiri zimene zinalembedwazo ndi chuni chokha, mzere umodzi. Zimene dzanja la mabesi linkachita, zambiri zinatayika, ndipo zeze wa nsambo zamkuwa anasiya kuimbidwa m'zaka za m'ma 1800. Ndiye mukamamvetsera Carolan pa YouTube, pa gitala, pa piyano kapena pa zeze wa nayiloni, chuni ndi chake koma zokometsera zonse ndi za woimbayo. Mu 1958 Donal O'Sullivan anasonkhanitsa nyimbo zake zonse zodziwika pamodzi ndi mbiri yake, ndipo buku limenelo ndilo linatsegula njira. M'ma 1960 Seán Ó Riada ndi gulu lake la Ceoltóirí Chualann anayamba kuziimbanso pa wailesi ndi m'maholo, kenako gulu la The Chieftains, amene woimba zeze wawo Derek Bell anajambula zambiri. Gulu la Planxty, limene linayamba mu 1972, linatenga dzina lake ku liwu limene limapezeka pa mitu ya nyimbo zambiri zimene Carolan ankapekera omulandira. Dziko la Ireland lisanayambe kugwiritsa ntchito euro, chithunzi chake chinali pa ndalama yapepala ya mapaundi 50.

Za Namoko, simunalakwitse kwenikweni, koma musapite nazo patali. Onse anali osaona, onse ankadyera nsambo, onse anapeka nyimbo zimene zawapitirira. Kusiyana kuli pa omvera. Namoko ndi banjo yake ankaimbira anthu wamba, ndipo mphamvu yake inali m'mawu, m'zimene ankanena za moyo wa tsiku ndi tsiku. Carolan ankaimbira m'nyumba zikuluzikulu, anthu wamba ankangomva za iye, ndipo mphamvu yake inali m'chuni. Kuti nyimbo zake lero zikuimbidwa m'mabala ndi anthu wamba, pa vayolini ndi zitoliro, ndi zinthu zimene zadza pambuyo.

Poti muli kale ku Leitrim, malo ambiri a nkhaniyi ali pafupi nanu. Chiboliboli cha ku Mohill chija anachipanga ndi Oisín Kelly. Manda a Kilronan ali pakati pa Ballyfarnon ndi Keadue, m'boma la Roscommon loyandikana nalo, ndipo ku Keadue kumachitika chikondwerero cha oimba zeze chokumbukira Carolan chaka chilichonse nyengo yotentha, kuyambira 1978. Ku Clonalis House pafupi ndi Castlerea, kwawo kwa a O'Conor, amasunga zeze amene amati anali wake, koma muyambe mwafunsa masiku amene amalandira alendo. Mukapita ku Dublin, m'tchalitchi cha St Patrick muli mwala womukumbukira, ndipo ku Trinity College kuli zeze wakale kwambiri amene chithunzi chake chili pa makobidi a euro a ku Ireland muli nawo m'thumbamo. Pofufuza nyimbo pa intaneti, yesani kupeza oimba amene abwerera ku zeze wa nsambo zamkuwa, monga Ann Heymann kapena Siobhán Armstrong, mumve nyimbo imodzi pamenepo kenako muimvenso pa gitala. Ndipo kuntchito kwanuko, tafunsani agogo amene mukuwasamalawo ngati akuidziwa Sí Bheag, Sí Mhór. Mukandiuze zimene akayankhe.